Mpunga Umene Unkachira Usiku

Tsamba likafa malo, lafa basi. Izi Manzere ankazidziwa kuposa dzina lake lenileni, limene anthu a pa malo ofufuzira za mbewu aja analiiwala kalekale pomuona akugwira chilichonse ndi dzanja lamanzere. N'chifukwa chake Lolemba lija, atatsegula shedi ya galasi n'kupeza mpunga wa m'ndowa yoyamba uli biriwiri, wopanda banga ngakhale limodzi, sanakondwe. Anaima chilili, makiyi ali m'manja, thupi lonse litachita tsemwe. Loweruka anausiya uli ndi madontho tsamba lililonse.

Mpungawo anthu ankautcha Chikuku. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, iye ndi malemu Dokotala, amene anamuphunzitsa ntchito, anaupeza pakati pa munda, phata limodzi lokha lodzala timadontho tofiirira. Anaupima n'kuupimanso koma sanapezemo kachilombo kalikonse. Chimene chinasokonekera chinali chibadwa chake. Mpunga wabwinobwino ukagwidwa ndi matenda umapha timaselo tochepa pamalo pamene mdani walowera, kuti asapite patsogolo. Chikuku sichidikira mdani. Chimangoyamba kudzipha chokha, apa ndi apo, tsamba lonse, mdaniyo kulibe. Koma chifukwa chokhala tcheru choncho usana ndi usiku, chiwawu chikabwera, chija chimasesa minda n'kusiya ngala zoyera zopanda kanthu, Chikuku chimaima nji.

Choipa chake n'chakuti madontho aja amadya mphamvu, ndiye chimabereka pang'ono. Zaka zonsezi Manzere ankasakasaka chinthu chimodzi: mwana wa Chikuku wolimba ngati make koma wa masamba oyera. Sanamupeze. Kenaka filiji yosungira mbewu inafa pa tchuthi popanda woona, mbewu zonse zinali mmenemo zinachita nkhungu. Zimene zinatsala padziko lonse zinali ndowa khumi ndi ziwiri za m'shedi muja, ndipo zinali zitangoyamba kutulutsa ngala. Zikanapanda kukhwima, zaka zisanu ndi zinayi zinali zitalowa m'madzi.

Anagwada n'kupatula masamba. Phata lililonse analimanga ulusi wofiira m'munsi, ndi mfundo yake yamanzere imene wina aliyense sankaitha. Ulusi unali pomwepo, mfundo inali yakeyake. Mantha aja anasanduka ukali, chifukwa Manzere anali munthu woti mantha sakhalitsa mwa iye asanapse mtima. Wina wazula mpunga wake, wabzala wina wamba wa kumunda, ndipo wavula ulusi mosamala osamasula mfundo. Wakuba ameneyu ndi munthu wophunzira, anatero mumtima.

Ali chigwadire analowa bwana wamkulu, kumbuyo kwawo kuli Jekete, mnyamata wa digiri amene sankavula jekete yoyera ngakhale podya. Kumapeto kwa shedi malume ake a Manzere ankadzaza madzi m'ndowa ndi paipi. Malumewo anagwira ntchito ya m'munda pamalopo zaka makumi atatu, ndipo ndi iwo anamulera mayi ake atamwalira, n'kumupemphera ntchito yotsuka mabotolo ali mtsikana.

"Ehee!" anatero bwana ataona ndowa ija. "Izi ndiye mbewu! Zonsezi zikanakhala chonchi bwenzi ndikugona tulo. Amayi, alendo otithandiza aja akubwera Lachisanu la sabata ya mawa. Akadzaona zonyansa zanuzi adzati tikuweta matenda."

"Si matenda, bwana."

"Inu mukuti si matenda, maso akuti ndi matenda. Ndanena kale, alendo akadzakhumudwa pali wina adzanyamula katundu wake."

Bwana atatuluka, Manzere anagwira phata loyera lija n'kulizula ndi matope omwe. Analinyamula mpaka kuseri, kumene kunali mgolo wotenthera mbewu zodwala, n'kulithira palafini.

"Mwananga," anatero malume atamulondola, "ukuwotcheranji? Umenewu ndiye wachira."

"Malume, inu thirirani madzi basi. Zinazi si zanu."

Anayatsa machesi. Malume anayang'ana utsi kanthawi, kenaka anabwerera ku paipi yawo.

Usiku shedi ija inkakhala mu mdima wa ndiwe yani, ndipo wolamula zimenezo anali Manzere yemweyo. Mbali ina ya shediyo ankapoperamo chiwawu dala poyesa mbewu, ndipo chiwawu chimagwira bwino mu mdima ndi chinyontho, choncho anachotsetsa mababu onse a kumeneko. Analamulanso kuti wolowamo aliyense azivala majumbo kumapazi, kuti asatuluke ndi matenda kupita nawo kumunda, ndiponso kuti chomera chodwala chikazulidwa chiziwotchedwa tsiku lomwelo. Malamulo ake sankasewera nawo munthu.

Lachiwiri m'mawa ndowa zina ziwiri zinali zitachira. Pa simenti panali mapazi a matope, aakulu, opanda zala, ochokera pakhomo kufika pa ndowazo n'kubwereranso. Ulusi wofiira unalipo, koma ulendo uno mfundo inali ya chisawawa, ija amamangira matumba. Wakuba wayamba mphwayi, anaganiza Manzere. Awiriwo sanawawotche. Anawapititsa mbali ija n'kuwapopera chiwawu, kuti akhale ndi umboni wokaonetsa bwana.

Pofika masana nkhani inali itafika kale kumunda. Amayi opalira ankanong'onezana atawerama, akamuona akudutsa n'kukhala chete. Mmodzi, wamkulu pa onse, analimba mtima.

"Amayi, musatipsere mtima. Akuti ndi malemu Dokotala. Paja mpunga umenewu ankaukonda ngati mwana wawo, ndiye kumene aliko sakugona pouona ukudwala."

"Akutero ndani?"

"Mlonda. Akuti amamva chinthu chikukoka miyendo, khwaa, khwaa, kwinaku chikudontha madzi. Chimachokera kumunda wa kumunsi kuja, kumene malemu anagwera."

"Nanga mlondayo ntchito yake n'kumvetsera?"

"Amayi, munthu angalondere mzimu?"

Manzere anangotsonya. Anapita molunjika ku ofesi ya Jekete osagogoda. Kupatula malume othirira aja, makiyi a shedi anali nawo anthu awiri, iye ndi Jekete, ndipo Jekete yemweyo ananenapo pa msonkhano kuti Chikuku chikungotha malo.

"Bweretsa kiyi."

"Kiyi wa chiyani, amayi?"

"Usandiyese chitsiru iwe! Ukufuna shedi ikhale yako, eti? Wabwera dzulodzuloli ndi kapepala kako, ine ndinayamba kugwira mpunga iwe ukuyamwa!"

"Amayi, ndikulumbira, ine sindinakhudze..."

"Bweretsa!"

Anthu anadzadza pazenera. Jekete anapereka kiyi, maso atafiira ndi manyazi. Tsiku lomwelo Manzere analemba kalata yomuneneza kwa bwana, anagula loko watsopano wa makiyi awiri, mmodzi n'kumumangirira m'khosi mwake. Winayo anakawapatsa malume, poti ndi iwo ankathirira m'mamawa.

"Pamalo pano munthu amene ndimamukhulupirira ndinu nokha, malume. Usiku uno ndilondera ndekha pakhomo."

"Udzizunza chabe, mwananga," anatero malume, n'kuika kiyi m'thumba.

Analondera masiku anayi, atakhala pa ndowa yovundikira, atafunda chitenje, udzudzu ukumudya. Sikunabwere kanthu. Tsiku lomalizalo bwana anamuuza Jekete kuti ayambe wakhala kunyumba mpaka nkhani ifufuzidwe, ndipo mnyamatayo anakwera basi kupita kwa makolo ake, jekete ili m'jumbo. Mapata awiri opoperedwa aja anali atayamba kale mabala otuwa pakati, masamba akupsa. Umboni unali poyera kuti sanali Chikuku. Manzere anapuma, napita kukagona kunyumba Loweruka lija, mtima uli m'malo.

Lamulungu m'mawa zinali zitachira zitatu. Loko anali wotseka bwinobwino, galasi losasweka, mapazi opanda zala aja ali ndondondo pa simenti. Jekete anali kutali, ulendo wa tsiku lonse.

Apa ndiye Manzere anaopa zenizeni, ndipo kunena zoona, mantha ake anali oipa kuposa a amayi opalira, chifukwa iye analibe powaika. Anatukwana mlonda mpaka mkuluyo anagwetsa misozi. Kunyumba anakalipira mwamuna wake chifukwa chofunsa kuti mpunga wopanda mbewu yogulitsa ukumusowetseranji tulo. Anapempha bwana kuti asamutse ndowa zisanu ndi imodzi zotsalazo, bwana n'kumukumbutsa lamulo lake lomwe, lakuti m'shedi ya chiwawu simutuluka chomera chamoyo.

Usiku wa Lamulungu anamukoka mlonda kuti akakhale naye, osauza wina aliyense. Anabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Mwezi kunalibe. Achule a kumunda ankalira mosalekeza, kenaka pakati pa usiku a kumunda wa kumunsi anakhala chete, ngati wina wawatsekera chitseko. Bata lija linayamba kukwera mtunda, munda ndi munda, kubwera kumene anali. Ndiye anamva. Khwaa. Kanthawi. Khwaa. Pakati pake panali kupuma kolemera, kwa chinthu chotopa, ndi madzi akudontha pa miyala, tho, tho, tho.

"Ndi omwewo," ananong'ona mlonda.

"Khalani chete."

"Amayi, ine ndili ndi ana."

"Ndati khalani chete!"

Mlonda anadzambatuka, n'kugunda chidebe, nathawa akukuwa. Phokoso lija linaima. Manzere anayatsa tochi koma kuwala kwake kunathera pa udzu. Kenaka anamva khwaa, khwaa, kubwerera kumunsi, mosafulumira n'komwe, ndipo kusafulumirako n'kumene kunamuopsa koposa. Anafuna kulondola koma thupi linakana. M'mawa panjira panali mzere wa madontho a matope.

Lolemba ndi Lachiwiri anagona pakhomo penipeni pa shedi, msana atatsamira chitseko. Lachitatu masana anagwa chizungulire pakati pa ndowa, malume n'kumudzutsa, n'kumumwetsa madzi a m'manja ngati kale ali mwana.

"Ufa nazo izi. Taona mmene wathera. Pita ukagone lero, mwana wa mlongo wanga, mpunga sungakuike m'manda."

Anapita. Anagona ngati wakufa. Lachinayi m'mawa anapeza zisanu zitachira, ndipo pa mzere wonse panatsala ndowa imodzi yokha ya kumapeto, madontho ake ali mbuu, ngala zitatu zitawerama pang'ono, mbewu zake zikadali mkaka. Zinkafunika masabata ena atatu. Alendo anali kubwera mawa lake.

Tsiku limenelo sanalankhule ndi munthu. Sanalire, sanatukwane. Malume atamupatsa moni anangogwedeza mutu. Dzuwa litalowa anatseka loko kunja, nazungulira kuseri, n'kulowera pa kazenera kotulutsira mpweya. Anakhala pansi pa benchi moyang'anana ndi ndowa yotsalayo, tochi kudzanja lamanja, mpini wa khasu kumanzere. Mumtima anali atatsimikiza kuti kaya ndi munthu, kaya ndi Dokotala amene anamuika m'manda yekha, chobweracho sichituluka chili bwino.

M'shedi usiku mumalankhula zinthu zambiri. Magalasi akamazizira amalira, thee, apa ndi apo. Chinyontho chimasonkhana kudenga n'kumagwera m'ndowa. Mbali ya chiwawu inkatulutsa fungo la masamba owola, lotsekemera moipa. Mdima unali woti ngakhale dzanja lake sankaliona, koma ndowa ija ankaidziwa pamene ili ngati mmene munthu amadziwira dzino lomuwawa. Anakhala choncho mpaka miyendo inachita dzanzi.

Achule a kumunsi anakhala chete.

Khwaa. Khwaa. Tho, tho. Phokoso linakwera mtunda, linadutsa thanki, linaima pakhomo. Kupuma kuja kunamveka kuseri kwa chitseko. Kenaka kiyi analowa mu loko, n'kutembenuka mofewa, kamodzi kokha.

Makiyi a loko ameneyo anali awiri basi, ndipo mmodzi anali pachifuwa pake. Munthu wodekha akanawerenga. Koma Manzere anali atatha masiku khumi ndi limodzi akuphika ukali, ndipo mutu wake unalibenso malo owerengera. Anangomva chinthu chakuda kuposa mdima chikudutsa pafupi ndi nkhope yake, chikununkha matope a kumunda. Chinatula katundu wonyowa pansi. Chinawerama. Masamba a Chikuku anachita waa, atagwidwa.

Anadzuka ndi mpini, naumenya ndi mphamvu zonse za zaka zisanu ndi zinayi. Unagunda chinthu cholimba. Chinthucho chinagwa osakuwa, chinangoti "Mayo" pang'onopang'ono, ndi mawu amene iye anawadziwa kuyambira ali wakhanda.

Tochi inaonetsa majumbo awiri omangidwa bwinobwino mu akakolo. Inaonetsa chiguduli chonyowa, mmene munkasuzumira phata la mpunga loyera, lokumbidwa ndi dothi lake. Pa masamba ake obiriwira panali timadontho tofiira, tatsopano, tikutsetsereka. Malume anali chigonere cham'mbali, dzanja litagwira pamwamba pa khutu, magazi akutuluka pakati pa zala.

"Malume! Inu? Inuyo?"

"Zimitsa tochi, ungaononge ntchito yako," anatero mkuluyo movutika. "Paja umati muno musamawale."

"Mwandipha, malume! Mwandipha ndinu! Ndinakulakwirani chiyani ine?"

"Watsala umodzi wokha. Ndithandize tiuchotse, alendo asauone."

Manzere anagwada. Sanadziwe ngati awagwire bala kapena awagwedeze. Anavula mpango wake n'kuwakulunga m'mutu mwankhanza, akulira ndi ukali.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero malume, "ndakhala ndikukuona ukulera mpunga wodwala, osachira. Anthu kumunda amakuseka, ine n'kumangomeza. Ndiye bwana anena pamaso panga kuti unyamula katundu. Ndikanakhala pansi? Ntchito imeneyi ndinakupemphera ndine, nditagwada."

"Sukudwala! Madonthowo ndiye mphamvu yake! Mpunga umenewu chiwawu sichiugwira, malume, ndi wokhawu padziko lonse!"

Malume anatembenuza mutu n'kuyang'ana ndowa yotsala ija. Madzi ankagwa kuchokera kudenga.

"Unandiuza liti?"

Manzere anafufuza m'zaka zonse zija, m'mawa uliwonse umene mkuluyu ankadzaza ndowa zake iye ali potero ndi kope, ndipo anapezamo mawu amodzi okha: thirirani madzi basi. Anafotokozera alendo, ana asukulu, ngakhale Jekete. Malume sanawafotokozerepo.

"Mpunga wanga munauika kuti?" anafunsa motsitsa. "Mwina mizu ikadali yamoyo. Munautaya kuti?"

"Kutaya? Ine ndiphwanye lamulo lako? Ndinkawotcha usiku womwewo, mumgolo. Palafini ndinkagula ndekha."

"Mapata khumi ndi limodzi, malume!"

"Khumi."

"Khumi ndi limodzi! Ndikuwerenga tsiku ndi tsiku ine!"

"Khumi, mwananga. Awiri, atatu, asanu. Loyamba lija si ine." Anayesa kudzuka, nalephera. "Lolemba lija ndinalipeza chomwecho pothirira. Nditaona mmene bwana anasekerera m'pamene nzeru inandibwerera. Suunaone ulusi? Mfundo yako ija ine ndiitha? Ndayesa masiku onsewa, zala zanga zakana."

Manzere anatsitsa tochi. Anakumbukira mfundo ija, yakeyake, yothina bwino m'munsi mwa phata, mopanda poti munthu angaivule. Anakumbukiranso chimene tsiku lija ukali sunamulole kuona: dothi la m'ndowa yoyamba linali losakhudzidwa, ndere zobiriwira zili pamwamba pake, ndipo pa simenti panalibe phazi lililonse. Loweruka phatalo linali ndi madontho. Lolemba linalibe. Anali asanaonepo zotero, Dokotala sanaonepo, m'mabuku munalibe. Mwina chinali chimene anachisaka zaka zisanu ndi zinayi, Chikuku choyera. Mwina chinali china chake chimene analibe dzina lake. Sanalipopere n'komwe chiwawu kuti aone.

Anawalitsa ndowa yotsala ija. Inali bwinobwino, madontho ake onse ali pomwepo, ngala zitatu zikugwedezeka pang'ono. Anawakweza malume, dzanja lawo n'kulikoleka m'khosi mwake, natuluka nawo pang'onopang'ono, majumbo akulira khwaa, khwaa pa miyala. Kumunsi achule anali asanayambirenso, ngakhale kuti kunalibe munthu woyendako.

Pofika pa mgolo uja Manzere anaima. Anawatsamiritsa malume ku khoma, napisa dzanja lamanzere m'phulusa mpaka m'chigongono. Pamwamba linali lofundabe ndi moto wa dzulo. Pansi penipeni, pamene panali phulusa la Lolemba lija, panali pozizira. Anafukula, nasefa ndi zala, nafukulanso, kufuna kanjere kamodzi, kamuzu, ngakhale kaulusi.

"Ndinakuuza kuti wachira," anatero malume mu mdima, mawu akuchepa. "Tiye kuchipatala, mwananga, ndikuona chizungulire."

"Ndikubwera, malume," anatero Manzere, koma dzanja silinatuluke m'phulusa.